Apongozi anga aNankhoma ndi chitseko cha shedi

Mwezi uno chakwana chaka chimwalirireni apongozi anga, aNankhoma. Tinawaika m'manda atavala diresi wamba ndi chitenje. Bulauzi yawo yoyera ya chigwirizano, imene anaivala zaka zoposa makumi atatu, inatsala m'sutikesi pansi pa bedi, chifukwa anamwalira ali pachilango cha mpingo. Chilangocho chinawagwera chifukwa cha mawu amene ndinanena ine pamaso pa akulu a mpingo. Abale andipempha kuti ndilembe za moyo wawo, zikawerengedwe tsiku lovundukula chiliza. Ine sukulu sindinapite nayo patali, ndiye ndilemba monga ndimayankhulira, ndipo ndilemba zonse.

Anabadwira pa purazi lomwe lino, famu ya fodya ya kufupi ndi Tengwe. Bambo awo anachokera ku Ntcheu wapansi kudzagwira ntchito ya fodya. ANankhoma anamwalira asanapondeko ku Malawi, koma ankangoti "kwathu" ngati anachokako dzulo. Anali aafupi, oyenda mofulumira, ndipo kumunda ankavala chipewa cha malemu amuna awo. Pakhomo sanali munthu wofewa. Ine ndinakhala nawo nyumba imodzi kuyambira pomwe mwana wawo, mwamuna wanga, anatisiya, ndipo silinkadutsa tsiku asanandipezere chifukwa. Mchere wachuluka. Pabwalo sindinasese mpaka kuseri. Tiyi wakhala ngati madzi otsukira mbale. Kupepesa sankakudziwa. Akazindikira kuti andilakwira ankangondisiyira mbatata yowotcha pa mbale yanga, osanena kanthu.

Nthawi ya mzungu anali a zaumoyo m'komboni, kuyeza ana pa sikelo, kumanga mabala, kugawa mapiritsi a malungo. Purazi litagawidwa ife tinatsala m'komboni momwemo, kumadya za maricho, ganyu wa m'minda ya eni atsopano. Bokosi lawo la mankhwala linauma, koma anthu sanasiye kubwera. Ambiri anali amayi, ndipo madandaulo awo ankafanana. Tulo palibe, pachifuwa pakulemera, mtima ukuthamanga galimoto ikangoima panja. Ku kiliniki ankawauza kuti alibe matenda. ANankhoma ankati thupi silinama, kungoti limasunga zimene pakamwa pakana kutchula.

Atapitirira kale zaka makumi asanu ndi limodzi, anthu a bungwe lina la ku Harare anawatenga kukawaphunzitsa milungu iwiri ku Karoi. Anabwerako ndi kamphasa ka labala ndi dzina lachilendo, yoga. Kunali kudziwongola pang'onopang'ono ndi kupuma modekha, kokonzedwera anthu amene anaona zoopsa. M'komboni tinkangoti majimu a aNankhoma. Anapempha shedi yakale yosankhiramo fodya, ndipo Lachitatu lililonse masana, tikaweruka kumunda, tinkasonkhana momwemo. Kamphasa kaja anati kamodzi pakati pa amayi makumi awiri n'kuitana nsanje. Tonse tinkayala masaka a feteleza, kamphasako n'kumapatsidwa amene ali woyembekezera.

Malamulo awo anali ochepa koma sankasewera nawo. Chitseko cha shedi chisatsekedwe, ndipo anachimangirira ndi waya kukhoma. Munthu asaime kumbuyo kwa mnzake. Munthu asagwire mnzake asanapemphe, ngakhale kumukonzera duku. Kutsinzina sankakakamiza. Ndipo chilichonse ankayamba ndi mawu akuti "ngati mukufuna". Ngati mukufuna kwezani manja, ngati mukufuna khalani pansi, ngati mukufuna tulukani. Zinkandiseketsa, poti kunyumba mawu amenewo sindinawamvepo.

"Amayi," ndinawafunsa tsiku lina, "bwanji ine simundiuza kuti ngati ndikufuna nditsuke mbale?"

"Inu mbale zinakuchitani chiyani?" anandiyankha. "Awa anthu anawachita zinthu osawafunsa. Mu shedi muja ndi mokhamo mmene amafunsidwa."

Kamodzi pa mwezi kunkabwera pa kombi, minibasi ya kuno, mtsikana wa Chishona, Sisi Rudo, wophunzira za maganizo a anthu, kudzacheza ndi amayi mmodzimmodzi. Ankagawana ntchito ndi aNankhoma, iye ya pakamwa, iwo ya thupi. ANankhoma ankati iwo amagaula, mtsikanayo amabzala. Koma kukangana ndiye kunali kwawo. Tsiku loyamba Sisi Rudo anaika mipando iwiri m'kachipinda ka kalaliki, pakona pa shedi. Anadikira mpaka dzuwa kupendeka, palibe analowa.

"Mwanangu," anatero aNankhoma, "m'kachipinda kameneko ndi mmene tinkachotsedwera ntchito. Ukufuna munthu akakuuze za mumtima m'menemo? Nyamula mipando yako upite pansi pa mango apo."

Anakangananso pa mayina. M'buku la Sisi Rudo kudziwongola kulikonse kunali ndi dzina, kwina galu, kwina njoka, kwina kupatsa moni dzuwa. ANankhoma anakaniratu. Anati sangauze mkazi wa mwini kuti akhale galu, matako m'mwamba. Anatcha mayina awoawo, kupachika fodya, kuzula udzu, kubereka mwana, kusuzumira mvula. Za dzuwa anazitayiratu, akuti dzuwa timalipatsa moni tsiku lonse kumunda ndipo silinatiyankhepo.

Kuseka kunalipo. Tsiku lina Mai Tapiwa, powerama, anatulutsa mpweya wakumbuyo, shedi yonse n'kumva. ANankhoma osamwetulira n'komwe anati, "Kupuma kumeneko sindinaphunzitse, koma ngati mukufuna."

Amene sankaseka anali aMbewe, mkulu wa mpingo, yemwenso ndi kapitawo wolemba anthu a maricho. Tsiku lina anawaimitsa panjira ya kumjigo.

"ANankhoma, mapemphero a amwenyewa mwawatenga kuti? Baibulo lakucheperani?"

"AMbewe, inu mukadzuka m'mawa simudziwongola?"

"Ndimadziwongola."

"Ndiye pamenepo mumakhala mukupembedza ndani?"

Amayi amene anali pamjigo anaseka. AMbewe anachoka akupukusa mutu, ndipo kusekedwako sanakuiwale.

Felesiya anayamba kubwera chaka chachitatu. Anali mtsikana wa mwana mmodzi, wa mumpingo mwathu. Zimene zinamuchitikira aliyense ankadziwa ndipo palibe ankatchula. Amuna awiri anamugwira chakumbuyo m'bani loumitsiramo fodya, n'kutseka chitseko. Kuyambira pamenepo ankangoyankha inde kapena ayi. Mu shedi ankakhala pafupi ndi khomo, nsapato ali chivalire, osachita chilichonse. Anatero miyezi inayi. Ine ndinkati akungotaya nthawi. ANankhoma ankati kubwera kokhako ndi ntchito yoposa yathu tonse. Mwezi wachisanu anavula nsapato. Apongozi anga sananene kanthu m'shedimo, koma titafika kunyumba anapha nkhuku.

Nthawi imeneyo n'kuti ine ndikuwathandiza kutsogolera. Lachitatu lina anapita ku Karoi kukatenga mankhwala awo a kuthamanga kwa magazi, kombi n'kuchedwa, ndiye ndinatsogolera ndekha. Inali nthawi yothyola fodya, choncho tinalipo asanu ndi mmodzi okha, tonse a chigwirizano kupatula Felesiya. Pomaliza, nthawi yogona pa masaka, Felesiya anagona chammbali, koyamba chiyambireni kubwera. Kenaka anayamba kulira. Kunali kulira kwapansipansi, mapewa akunjenjemera, basi.

Zoyenera kuchita ndinkazidziwa. Ndinawaonapo aNankhoma kambirimbiri. Ankakhala pansi chapatali, pamalo poti munthuyo aziwaona, n'kumapuma momveka kuti wolirayo atsatire, n'kumuuza modekha kuti ali mu shedi, lero ndi Lachitatu, chitseko n'chotsegula. Koma ife tinakulira m'chigwirizano. Kwathu munthu akalira sumuonerera. Umamuzungulira, kumusanjika manja, kuyimba. Kukhala patali kunkandionekera ngati nkhanza. Ndipo panja pankadutsa amuna ndi ngolo ya fodya, ine n'kuti asamuone akulira. Ndinamasula waya uja n'kukankha chitseko. Chinalira, mu shedi n'kuda.

"Amayi, tiyeni timupempherere," ndinatero.

Tinamuzungulira. Ine ndinagwada kumbuyo kwake n'kumugwira mapewa ndi manja onse awiri, Mai Tapiwa n'kuyambitsa nyimbo.

Kukuwa kumene anakuwa sindingathe kukulemba. Analuma Mai Tapiwa padzanja. Anandikankha ine n'kugwa chagada. Anadzimenyetsa pachitseko kawiri chisanatseguke, n'kuthawa opanda nsapato mpaka kudamu. Anakamupeza m'bango dzuwa likulowa, mapazi ali magazi okhaokha.

ANankhoma potsika kombi n'kuti nkhani itafika kale pamsewu. Sanapite kunyumba. Analunjika ku shedi, ine ndikuwatsatira kumbuyo. Anatola waya pansi n'kuuyang'ana.

"Amake Chikondi, chitseko watseka ndani?"

"Mphepo, amayi."

Tsiku limenelo kunalibe mphepo ngakhale yogwedeza tsamba. Anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenaka anapinda wayawo n'kuuika m'thumba la juzi, anatola nsapato za Felesiya n'kutuluka.

Bwalo la mpingo linakhala Loweruka lotsatira. Apongozi ake a Felesiya anadandaula kuti majimu amulowetsa chiwanda mwana wawo. Felesiya mwiniyo n'kuti atasiyiratu kuyankhula. AMbewe anandiimiritsa ine, poti ndine ndinkatsogolera, ndiponso ndine wa m'nyumba mwa aNankhoma.

"Mai Chikondi, tiuzeni mwandondomeko. Chinayamba n'chiyani?"

Amayi anayi aja anali atakhala kumbuyo kwanga, ndinkamva kupuma kwawo. Ndinaganiza za maricho, poti aMbewe ndiwo amalemba mayina. Ndinaganiza za bulauzi yanga. Ndiye ndinati, "Tinkachita zopuma zija, n'kumugwira chinthucho, anayamba kukuwa ndi kudzimenyetsa. Ife titaona choncho tinatseka chitseko n'kuyamba kupemphera."

Zonse zimene ndinatchula zinachitikadi. Ndinangotenga chomaliza n'kuchiika poyamba.

"Mwamva?" anatero aMbewe. "Pakanapanda pemphero tikanaika maliro."

Amayi aja anati ameni.

Akulu anauza aNankhoma kuti asiye majimu, ndipo aimirire Lamulungu pamaso pa mpingo anene kuti zimene ankaphunzitsa n'za ziwanda. Anaimirira pang'onopang'ono, atagwira bondo.

"Kusiya ndisiya, shedi si yanga. Anthu aja ndinawasiya m'manja mwa munthu amene ndinamuphunzitsa ndekha. Ngati palakwika, ndalakwa ndine mphunzitsi. Koma kunena kuti kupuma n'kwa Satana, ayi. Mpweya anauzira Mulungu m'mphuno mwa munthu. Inu aMbewe mumawerenga."

"Ndiye mwasankha benchi lakumbuyo."

"Lili pafupi ndi khomo. Kumawomba kamphepo."

Kwathu munthu wa pachilango amakhala pa benchi lakumbuyo, sadya Mgonero, savala yunifolomu. ANankhoma anakhalapo zaka ziwiri. Sanajombe Lamulungu ngakhale limodzi, ndipo nyimbo ankayimba mokweza kuposa kale, mwina pofuna kuti aMbewe azimva kutsogoloko.

Sisi Rudo anabweranso kawiri, koma pansi pa mango panalibe wopita. Ulendo womaliza anakhala ndi aNankhoma pakhonde, ine ndili m'khitchini, ndipo ndinamva zonse. Mtsikanayo anali atakwiya. Anati iye akudziwa kuti munthu ngati Felesiya sangakuwe choncho popanda womugwira, ndiye bwanji iwo osanena za waya umene anaupeza utamasulidwa. ANankhoma anamuyankha kuti mkazi wamasiye wa ana atatu, kutanthauza ine, akachotsedwa pa maricho adya chiyani, pomwe iwo ndi nkhalamba, ndipo benchi lililonse ndi thabwa. Ine ndinali ndi mpeni ndi anyezi m'manja. Ndinapitiriza kudula.

Lachitatu aNankhoma sanasiye kuvala chipewa chawo n'kutuluka. Ankapita kwa Felesiya, osalowa m'nyumba. Ankakhala pa njerwa kutsidya kwa bwalo, pomwe mtsikanayo akanawaona pawindo, n'kumasenda mtedza mpaka dzuwa kupendeka. Apongozi ake a Felesiya anawathamangitsa kawiri. Kachitatu anawatulutsira mpando. ANankhoma ankapitabe mpaka abale ake a Felesiya anabwera kudzamutenga kupita naye ku Darwendale.

Kunyumba palibe chinasintha, ndipo chimenecho n'chomwe chinkandipweteka kwambiri. Akanandinyanyala, akanandithamangitsa, bwenzi ndikuti ndalipira. Koma ankangonenabe za mchere. Lachinayi lililonse ndinkasita bulauzi yanga ya chigwirizano iwo ali pomwepo.

"Kolala mwapsereza," ankatero. "Tabweretsani kuno."

Ankaisita okha n'kundipatsa.

Atayamba kudwala kwambiri, miyendo itatupa, ankadziwongolabe pabedi m'mawa uliwonse, dzanja limodzi m'mwamba, kenaka linalo. Tsiku lina ndikuwapatsa phala ndinalimba mtima.

"Amayi, tsiku lija..."

"Tsiku liti?"

Anasiya supuni n'kundidikira. Sanandifulumize. Ankadikira monga ankadikirira amayi a mu shedi.

"Ayi, ndimati tsiku lopita ku kiliniki."

"Ndi Lachinayi," anatero, n'kutolanso supuni.

Anamwalira milungu itatu pambuyo pake. Mtembo ndinasambitsa ndine, pamodzi ndi mchemwali wawo wa ku Macheke. Mchemwaliyo anatsegula sutikesi, anatulutsa bulauzi ija n'kupita nayo panja kwa aMbewe. AMbewe anavula chipewa, anati pepani, lamulo ndi lamulo, munthu wamwalira asanabwezedwe. Akulu a mpingo onse anali pabwalo pomwepo. Dzuwa linali lisanakwere, bokosi lisanakhomedwe. Ndikanangotuluka pakhomo n'kunena mawu ochepa, bwalo likanakhala pansi pa mtengo nthawi yomweyo. Ndinaima pakhomo. Mchemwali wawo anabwerera akulira n'kundipatsa bulauziyo. Ndinaipinda bwinobwino n'kuibwezera m'sutikesi. Amayi a chigwirizano anaperekeza maliro atavala zovala zawo za masiku onse, ine pakati pawo.

Titachoka kumanda anthu anafola kudzatipepesa. Pamzerepo panali Felesiya. Sindinadziwe kuti wabwera. Anali atanenepako pang'ono. Atafika pa ine anaima chapatali.

"Mai Chikondi, ndingakugwireni dzanja?"

Ndinamupatsa. Analigwira pang'ono chabe.

"Tsiku lija ndinkalira bwinobwino," anatero. "Kanali koyamba."

Anapita kwa wotsatira.

Abusa amabwera kuno kamodzi pa miyezi itatu. Ulendo wawo wotsatira ndinapempha kuyankhula ku bwalo. Ndinanena zinthu monga zinayendera, choyamba poyamba. Ndinati Felesiya ankangolira, ine ndinamasula waya, ine ndinatseka chitseko, ine ndinamugwira chakumbuyo, ndiye anakuwa. Ndinati zonsezi aNankhoma anatiletsa, ndipo ankadziwa kuti ndinanama. AMbewe anayang'ana pansi nthawi yaitali.

"Ndiye mukufuna titani, mayi?" anatero. "Tikawafukule?"

Lamulungu lotsatira abusa anawerenga pamaso pa mpingo kuti dzina la aNankhoma labwezedwa, ndipo kuti anamwalira ali Mkhristu wokhulupirika. Mwa amayi anayi aja, awiri anavomera. Awiri sandipatsa moni mpaka lero. Pa maricho dzina langa aMbewe sanalifufute. Ndimapita kumunda monga kale. Chimene ndinkaopa chija sichinachitike n'komwe.

Chimene chinachitika n'chakuti benchi lakumbuyo tsopano ndimakhalapo ndine. Ndi thabwa limodzi lalitali losanjikidwa pa njerwa, lopanda potsamira. Malo awo anali kumapeto, mbali ya kukhomo. Pamenepo thabwa linasalala kuposa kwina konse, ndipo pali msomali umene anaukhomerera ndi mwala chifukwa unkawang'ambira chitenje. Pakhoma pali kadontho kakuda pomwe ankatsamiritsa mutu ulaliki ukatalika. Ine ndimakhala chapakati. Anthu ochedwa akalowa amathinana mbali yanga, ena amaimirira kukhoma ndi ana kumbuyo, koma kumapeto kuja palibe amakhalako. Tsiku la Mgonero mbale imayenda mabenchi onse n'kubwerera isanafike kwa ife. Nthawi imeneyo kumakhala zii, ndipo kuchokera pamalo pawopo munthu amaona mitu ya amayi onse a chigwirizano, maduku oyera mzere umodzi. Kwa zaka ziwiri wanga unali wachitatu kuchokera kumanzere.